Thandizeni, shati yanga ya macheki yalowa utoto

Moni abale ndi alongo nonse kuno ku Johannesburg. Ndili ndi shati ya macheki ofiira, akuda ndi oyera yomwe ndimaikonda kwambiri. Kuntchito ndimaipisira, Lamlungu kutchalitchi ndimavalira jekete, ndipo ndi kuzizira kwa June kuno imanditenthetsa bwino pamwamba pa sikipa.

Vuto ndi loti nditaichapa ndi madzi otentha, utoto wofiira unalowerera m'timabokosi toyera, pano tasanduka pinki. Ndinainyika m'madzi amchere usiku wonse, kenako ndinayesa viniga, koma osasintha. Bulichi ndikuopa, angaiwonongeretu. Pakolala analemba kuti ndi thonje 100%.

Kodi alipo akudziwa mankhwala ochotsera utoto wotere osawononga macheki enawo? Nanga ndingawapeze kuti, ku Fordsburg kapena m'tauni? Chonde ndithandizeni.