Anavomera mfuti yomwe sanaionepo, masiku 10 a apilo adutsa, tipange bwanji?

Nyagondwe: Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Dzulo kundende ndakumana ndi mnyamata wa ku Ethiopia, anagwidwa mu lole atangodutsa ku Songwe pamodzi ndi anzake. Mlandu wolowa mdziko opanda chilolezo sakukana. Vuto ndi loti apolisi anapezanso pisito pansi pa mpando wa dalaivala ndiye anamuphatikiza pa mlandu wa mfuti yopanda layisensi, iye anali kumbuyo pakati pa matumba a mpunga, kutsogoloko sanakhaleko. Kukhoti anangoti eya zonse, anamupatsa zaka 3. Papita mwezi ndi theka. Ndikulankhula naye amangogwira kapepala ka nambala ya mchimwene wake wa ku Johannesburg, kachita kufewa ndi thukuta, mpaka ndinasowa tulo.

Loya wa ku Zomba: Pepani mayi. Womasulira analipo? Amamasulira chilankhulo chanji?

Nyagondwe: Analipo koma wa Chiamhariki. Mnyamatayu kwawo amalankhula Chihadiya, Chiamhariki amangotolatola. Wandimasulira dzulo ndi mkaidi mnzake.

Loya wa ku Zomba: Basi mlandu wanu uli pamenepo. Gawo 42(2)(f) la Konsitityushoni likuti munthu aweruzidwe mchilankhulo chomwe akumva, apo ayi boma limupezere womasulira. Ndiye gawo 251 la CP&EC, lamulo la kayendetsedwe ka milandu yaupandu ndi umboni, khoti lisanalembe kuti wavomera liyenera kutsimikiza kuti akumvetsa zomwe akuvomerazo ndi zotsatira zake, komanso kuti akuvomera opanda "koma". Itanitsani rekodi lero lomwe, muone ngati majisitireti anamufunsa mbali iliyonse ya mlandu payokha, makamaka zoti ankadziwa kuti mfutiyo ilimo. Kukwera galimoto yomwe muli mfuti sikukhala ndi mfuti ayi.

Kamwendo: Koma achimwene gawo 348 la lamulo lomwelo silitseka njira ya apilo? Wovomera amangochita apilo pa chilango basi

Loya wa ku Zomba: Limatseka ngati kuvomerako kunali kwenikweni. Apa mukutsutsa kuvomera komweko, kuti sikunali kuvomera.

Mai Nachisale: Za masikuzo musade nkhawa kwambiri mwana wanga. Gawo 349 limati masiku 10 inde koma High Court imatha kulandira apilo mochedwa pakakhala chifukwa chomveka, ndipo munthu analibe loya, samva Chingerezi, mwina sanauzidwe nkomwe kuti pali apilo, chifukwa china choposa apa mungachipeze kuti? Lembani afidaviti yake, chikalata cholumbirira chija, kudzera mwa womasulira weniweni wa Chihadiya, funsani ku Dzaleka mwina apezeka, musagwiritse mkaidi uja aboma adzakugwetserani pomwepo. Komanso pitani ku registry ya Mzuzu mukafufuze ngati fayilo inafika kuti jaji akatsimikize chilango, zaka 3 zimayenera kudutsa kumeneko. Ngati ilipo lembani kalata yopempha riviyu, kuti jaji aunikenso mlanduwo, nthawi zambiri imathamanga kuposa apilo.

Ndipo mwamufunsa zaka? Ambiri mwa anyamatawa ndi ana, pa chaji shiti amangowalemba 19 kapena 20. Ngati sanakwane 18 ndi nkhani inanso, samayenera kukhala ndi akuluakulu.

Nyagondwe: Akuti ali ndi 19 mayi. Nanga belo podikira apilo?

Kamwendo: Ine ndinayesapo kwa wina wotere, inakanidwa, alibe adiresi alibe womuyimira. Bola kupempha tsiku lapafupi. Muyikenso mfundo yachiwiri kuti zikakanika chilango chitsike, ndi koyamba kulakwa, gawo 340 lija la olakwa koyamba.

Mai Nachisale: Mumuuze zoona zake, asaganize kuti akawina akutuluka kukwera basi ya Joni. Jaji akhoza kulamula kuti mlandu wa mfuti uyambirenso, ndipo ngakhale utathetsedwa a Immigration amusungabe podikira kumubweza kwawo, ena amakhala miyezi ku Maula kudikira tikiti. Yambanitu pano kulemba makalata a zimenezo, bungwe la IOM loona za anthu osamuka m'mayiko linathandizapo kubweza anzake.

Nyagondwe: Zikomo kwambiri nonse. Mawa mmamawa ndikatenga rekodi, ndikaiona ndidzakutumizirani tsamba lomwe analemba kuvomerako. Amene ali ndi munthu wa Chihadiya ku Dowa andiimbire chonde, transipoti ndilipira ndekha.