Mwana wanga akusokoneza zilankhulo, ndipange bwanji?

Mayi wa ku Mangochi:
Asalaam aleikum abale. Mwana wanga ali sitandade 3, pakhomo timayankhula Chiyao, kusukulu Chichewa ndi Chingerezi, masana kumadrasa Chiarabu, ndiye dzulo ndamupeza akulemba dzina lake kuyambira kumanja ngati Chiarabu m'kope la Chingerezi mpaka mtima unandipweteka. Ndimusiyitse kaye madrasa?

Bambo wa atatu:
Wa aleikum salaam mayi. Musamusiyitse chonde, wanganso ankatero koma zinatha zokha. Adabu (makhalidwe abwino) ndi madua (mapemphero) mwana amazigwira bwino akadali wamng'ono.

Mphunzitsi wa pulayimale:
Ine ndimaphunzitsa Expressive Arts (phunziro la nyimbo ndi zojambula), ana akumadrasa nyimbo amaloweza msangamsanga poti anazolowera kuloweza masura a m'Korani. Mugulireni makope awiri osiyana chikuto, pa la Chiarabu ajambule yekha kamuvi koloza kumanzere.

Mayi wa ku Mangochi:
Zikomo aphunzitsi, kujambula amakukonda kwambiri, mawa ndikagula.