Kukoka p95 ya kuchedwa kwa deta pa API ya Prometheus

Moni nonse. Ndikufuna p95 (mlingo umene miyeso 95 mwa 100 iliyonse siupitirira) ya nthawi imene deta imatenga kuti ifike, ya masiku 30, kudzera pa /api/v1/query_range, khomo lofunsira deta la Prometheus (pulogalamu yosonkhanitsa miyeso ya makina). Ndikaika step=60s (mpata wa masekondi 60 pakati pa mfundo) seva ikukana ndi nambala ya vuto 400, poti mfundo 43,200 zapitirira malire a 11,000. Ndinakweza step kufika 5m (mphindi zisanu), yankho likubwera, koma kuchedwa kwadzidzidzi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, komwe ndikusaka kwenikweni, sikukuonekanso chifukwa pa step iliyonse rate (yowerengera liwiro la kukwera kwa manambala) ikungoyang'ana 1m. Ndikakulitsa nthawi ya rate kufika 5m, nsonga za kuchedwako zikungosalala. Scrape interval (mpata umene Prometheus imatengera miyeso) ndi 15s.

Kodi ndidule pempholo sabata ndi sabata, mfundo 10,080 ulendo uliwonse, kapena max_over_time (yotenga nambala yaikulu kwambiri pa nthawi ina yake) pa recording rule (lamulo lowerengeratu ndi kusunga zotsatira) ingasunge nsongazo? Nanga NaN (kutanthauza kuti si nambala) amene histogram_quantile, yowerengera p95, imabweza maola opanda deta mumathana naye bwanji?