Bambo atuluka m'chipatala koma sakufuna kudzuka pampando

Mwana wachiwiri

Moni nonse. Bambo anga ali ndi zaka 74. Anagonekedwa ndi chibayo, ndipo powatulutsa adokotala anati mapapo ali bwino, angomaliza mankhwala. Chifuwa chathadi, koma munthu amene tabwera naye kunyumba si yemwe uja. Kale ankadzuka m'bandakucha, wailesi m'manja, n'kumazungulira pakhomo. Pano akakhala pampando m'mawa, amachokapo dzuwa litalowa. Kuti aimirire amayamba agwira tebulo ndi manja onse awiri, n'kupumira kaye. Ndikati tiyende pang'ono amangoti "mphamvu ndilibe, mwana wanga." Anzawo akabwera kudzawazonda amawayankha mwachidule, maso ali pansi. Usiku sagona, tulo timabwera masana.

Amayi akuti tiwasiye apume, thupi libwerera lokha. Ine mtima sukundilola. Kodi kuwayendetsa kungawathandize maganizo, kapena ndiwapweteka? Tiyambire pati?

Wa fiziyo (wothandiza odwala kulimbitsanso thupi)

Pepani achemwali. Amayi akunena mwachikondi, koma kukhala tsiku lonseko n'kumene kukuwadya mphamvu bambo. Munthu wachikulire akagona pabedi, minofu imatha msanga zedi. Pa kafukufuku wa mu 2007 ku America, achikulire athanzi, osadwala n'komwe, anawagoneka pabedi masiku 10, ndipo minofu ya m'miyendo inachepa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Nanga amene amalimbana ndi chibayo, kudya kukuwavuta? Miyendo ikafooka munthu amaopa kugwa. Akaopa amangokhala, ndiye miyendo imafookeratu, mapeto ake amayamba kudziona ngati katundu kwa ana ake.

Yambirani pampando womwewo, bola ukhale wolimba, wosatsika kwambiri, wotsamira kukhoma. Asendere kutsogolo kwa mpando, mapazi awabweze pang'ono pansi pa mawondo, aweramire kutsogolo mpaka mphuno ikhale pamwamba pa zala zakumapazi, kenako aimirire. Pokhala pansi atsike pang'onopang'ono, osadzigwetsa, chifukwa ntchafu zimalimba ndi kutsikako. Ayambe ndi kasanu, m'mawa ndi madzulo. Manja agwiritse ntchito, asachite manyazi, adzasiya okha. Akazolowera, agwire tebulo n'kumanyamula zidendene. Kuyenda kukhale kwa mphindi zochepa koma kangapo patsiku, inu muli pambali. Musawakoke dzanja.

Akamayenda muziwalankhulitsa. Ngati akutha kumaliza chiganizo, liwiro lili bwino. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika kwambiri, kapena mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, asiye pomwepo, mupite nawo kuchipatala. Podzuka pabedi aziyamba akhala m'mphepete kwa mphindi imodzi, popeza BP imatsika munthu akadzambatuka, makamaka amene wagona nthawi yaitali. Zonsezi muwauzenso adokotala awo, makamaka ngati bambo ali ndi vuto la mtima.

Zoti zimathandiza maganizo, inde. Ku Pamplona, m'dziko la Spain, anafufuza odwala 370 a zaka pafupifupi 87. Ena ankachita masewera olimbitsa thupi kawiri patsiku ali m'wodi momwemo. Zotsatira zinatuluka mu 2019: amenewa anatuluka akutha kudzichitira zinthu kuposa anzawo, kukhumudwa kutachepa, mutu ukugwiranso bwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza a zaka 65 kupita m'tsogolo kuti azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kulimbitsa minofu masiku 2, ndi zothandiza kuti asamadzandire masiku 3. Kumeneko n'kofikira, sabata ino musawerenge zimenezo.

Agogo a mapasa

Mwana wanga, ndine msinkhu wa bambo ako, ndipo ndinachitidwapo opaleshoni ya m'mimba. Ndikuuze zimene bambo ako mwina sangakuuze. Munthu amene walera ana, kenako n'kugwiridwa mkono popita kuchimbudzi, chimamuwawa mumtima kuposa bala. Nditabwerera kunyumba ana anga ankandichitira chilichonse. Ndikati nditenge kapu, wina wathamangira kale. Ankachita mwachikondi, koma tsiku lililonse ndinkaona kuti pakhomo pakuyenda bwinobwino popanda ine.

Mawu oti "masewera" usawatchule n'komwe, kwa ife amamveka ngati za ana. Uwapemphe thandizo lenileni. Ine chinandidzutsa ndi mdzukulu amene ankakana kupita kusukulu ngati agogo sanamuperekeze mpaka pageti. Tsiku loyamba ndinafika pageti mawondo akunjenjemera, ndinagwira chitsulo n'kupumira, mwana akundibayibitsa. Ndinabwerera ndekha. Usiku umenewo ndinagona tulo tenitweni. Pambuyo pake mnzanga wina anayamba kubwera m'mawa nthawi yomweyomweyo, ndiye ukadziwa kuti munthu akubwera, umasamba, umavala, umapesa.

Afunse bambo ako za zinthu zimene amazidziwa kuposa iwe, ndipo zikhale zofunika kuti aimirire akaone okha. Mpando wawo uutulutse panja m'mawa. Amayi akonso usakangane nawo, ali ndi mantha. Uwapatse ntchito yowerengera bambo akamaimirira.

Wosamalira odwala

Ndikugwirizana ndi agogo pa za kutuluka panja: kuwala kwa m'mawa kumathandiza thupi kusiyanitsanso usana ndi usiku, zomwe zimasokonekera m'wodi momwe magetsi ndi phokoso sizitha. Tulo ta masana tikhale tochepa.

Koma achemwali, kuyenda kusalowe m'malo mwa dokotala. Ngati padutsa masabata awiri bambo ali okhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, osasangalala ndi zimene ankakonda, osafuna kudya, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo. Si ukalamba chabe, ndipo thandizo lake lilipo. Akanena mawu ngati "bola ndingofa," musadikire tsiku lobwerera kuchipatala, pitani nawo msanga. Chimodzimodzinso akayamba kusokonezeka mwadzidzidzi, kusazindikira malo kapena anthu, kapena kuwodzera modabwitsa, chifukwa kwa achikulire chimenechi chimatha kukhala chizindikiro choti matenda abwereranso ngakhale thupi lisakutentha. Popita mutenge mankhwala onse amene akumwa, akale ndi atsopano, poti ena amafooketsa kapena kuyambitsa chizungulire. Mupemphenso kuti awayeze kuchuluka kwa magazi.