Zomwe ndapeza pa nkhani ya puloti yanga ku Ulónguè

Mwezi watha ndinafunsa kuti puloti yomangapo nyumba iyenera kukula bwanji, komanso kuti khoma liyenera kutalikirana motani ndi malire. Ndikuthokoza nonse amene munandilangiza kuti ndisakumbe maziko ndisanapite ku ofesi ya munisipiyu (khonsolo ya tawuni).

Kumeneko anandikumbutsa kuti mu Mozambique nthaka ndi ya boma, ndipo chimene munthu amakhala nacho ndi DUAT, chilolezo chogwiritsa ntchito malowo motsatira lamulo la malo la 1997. Kukula kwa puloti ndi mpata wosiya m'malire zimatengera pulani ya dera lililonse, ndipo malinga ndi pulani ya dera lathu, yanga, ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali, ilibe vuto.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi msewu. Lamulo lomwelo limateteza mamita 30 m'mbali mwa msewu waukulu, mamita 15 m'mbali mwa misewu yocheperapo, ndi mamita 50 mbali zonse za njanji, ndipo m'malo otetezedwawo DUAT siperekedwa. Wopima malo atatambasula tepi yake, tinapeza kuti zikhomo zimene amalume anakhoma pafupi ndi mtengo wa mango zinalowa m'gawo la msewu ndi mamita awiri. Amalume, amene amakhulupirira mapazi awo kuposa tepi, sanakondwe.

Zikhomozo tazizula, ndipo khitchini tsopano idzakhala kumbuyo. Njerwa zaotchedwa kale, koma sindiyamba kumanga mpaka chilolezo chomangira chitatuluka.