Ndagula Cortina, hot rod ija iyambe yadikira

Abale, mwezi wa Malichi ndinakufunsani kuti ndimange ndekha hot rod (galimoto ya maonekedwe achikale yoikidwa injini yamphamvu) pa bode ya Ford ya 1932, kapena ndigule galimoto yakale yokonzakonza. Ambiri munati ndimange. Pepani, ndatsata njira inayo.

Bode ija ndinakaiona pa galaja ina kuno ku Johannesburg. Inali chigoba chabe cha pulasitiki yolimba yotchedwa fibreglass, chopanda tchesisi (chitsulo chapansi chonyamula galimoto yonse). Makaniko atandiwerengera zofunika, injini ya V8, giyabokosi, mabuleki, mawaya onse, kuphatikizapo mapepala oilembetsera, ndinaona kuti padutsa zaka ndisanaimve ikulira. Komanso ndimakhala pa lendi, poigwirira ntchito ndilibe.

Ndiye ndagula Ford Cortina XR6, zija ankapanga ku Port Elizabeth, ya injini ya V6 ya malita 3. Ikalira m'mawa, mtima wanga umachita kuti myaa.

Koma penti yonyezimira isakunamizeni. Nditafunyulula kapeti kumbali ya dalaivala, ndinapeza dzimbiri litadya pansi mpaka chala kulowa. Mwini wake anatsitsako mtengo. Loweruka likubwerali tiwotcherera chitsulo chatsopano, kenako tiona kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), chifukwa ikumwa petulo mopitirira.

Amene mukudziwa kopeza malabala a zitseko za Cortina, chonde ndilozereni.