Chilumba chanji chili bwino kupita ndi ana ang'onoang'ono? Nanga a honeymoon?

Mayi_wa_awiri
Abale ndithandizeni maganizo. Tasunga kandalama tikufuna tikapumeko pa chilumba cha mchenga woyera, ine, bambo akunyumba ndi ana awiri, onse akadali ang'onoang'ono. Chomwe ndikufuna ndi madzi osaya opanda mafunde akulu kuti ana azisewera ine mtima uli m'malo. Komanso mng'ono wanga ukwati wayandikira ndiye akufunsa kopita honeymoon, iwowo akufuna kwa zii kopanda phokoso. Aliyense akungoti Zanzibar Zanzibar, koma Zanzibar yake mbali iti?

WakuKaronga
Mayi mwafunsa bwino chifukwa ambiri amangobuka hotela poona zithunzi kenako nkumadandaula. Mbali ya kum'mawa, ku Paje ndi Jambiani, nyanja imaphwera kutali kwambiri kawiri patsiku moti mutha kudzuka nkupeza madzi ali uko, pafupi pali azimayi akukolola ndere zomwe amalima m'madzimo, kusambira mpaka mudikire abwerere. Kumeneko ndi kwa achinyamata okonda kite surfing, masewera okokedwa ndi kaiti pamadzi, mphepo imakhalako yambiri ndipo malo ogona otchipa aliko. Inu ndi ana pitani kumpoto, Nungwi kapena Kendwa, kumene madzi sathawa kwambiri mumasambira nthawi ina iliyonse. Kungoti Kendwa kumakhala pate yaikulu mwezi ukakhala wathunthu ndiye onani deti, musagone pafupi ndi bala. Ife Amalawi viza sitifunika ku Tanzania. Ngati ndege yadula kwerani basi kudzera pa Songwe, Mbeya mpaka Dar, kenako boti la maola awiri, koma ndi ana ulendowu ndi wotopetsa zedi ndisakunamizeni. Epulo ndi Meyi musapite, mvula yake si yamasewera. Ndipo mu Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar, valani modzilemekeza, anthu ake ambiri ndi Asilamu, zosambira zija nzakugombe basi.

Mwana_wa_Likoma
Ine zimandiwawa kuti tikati chilumba aliyense maso kunja pomwe Likoma ili pompano. Mchenga ulipo, madzi oyera mbee mumaona nsomba za mbuna zikudutsa m'miyendo, opanda mchere woti ana azilira nawo m'maso, ndipo simusowa madola kapena pasipoti, kwacha yomweyi. Ana mukawaonetse malambe ndi tchalitchi cha St Peter's chija anayamba kumanga mu 1903, sadzaiwala. Mutha kukwera Ilala pa Nkhata Bay kapena kandege kuchokera ku Lilongwe ngati thumba likulola. Chenjezo langa ndi mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nyanja imalusa ndipo ana amasanza m'sitima, bwerani Seputembala kapena Okutobala kuli bata. Ana asamasewere m'mabango mopewa likodzo, ndipo mukabwerera kayezetseni. Kwa achemwali anuwo, hotela ya Kaya Mawa pa Likoma pomwepo ndi yokongola koma mtengo wake ndi wa madola, apo ayi apite Mumbo Island kuchokera ku Cape Maclear, kulibe mudzi, kulibe magalimoto, ndi inu awiri ndi mbalame basi.

Chemwali_ku_Joni
Sindikutsutsa za Likoma, nkwathu ndithu, koma funso la mayiwa ndi madzi odekha a ana ndipo pamenepo Mauritius ndiye palibe wofanana naye. Pafupifupi chilumba chonse chazunguliridwa ndi matanthwe a m'madzi omwe amaswa mafunde kutali, ndiye kugombe kumakhala phee ngati damu. Flic en Flac kumadzulo ndi kwabwino kwa banja, masitolo ali pafupi mutha kuchita lendi kanyumba nkumaphika nokha, ndalama imapulumuka pamenepo. Belle Mare kum'mawa ndi kokongola kwa a honeymoon koma Juni, Julayi kumawomba mphepo yozizira. Viza sitifunikanso. Vuto ndi tikiti, mudutsira Johannesburg kapena Nairobi ndiye anthu anayi muwerengere bwino, komanso Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya namondwe.

Kabwerebwere
Palibe watchula Mozambique bwanji? A honeymoon aganizireko Bazaruto. Kugona pachilumba penipeni nkodula, ambiri amagona ku Vilankulo nkumapita ndi boti m'mawa kubwerako madzulo, milu ya mchenga yake ndi yaitali ngati mapiri. Ana ang'ono ayi, dzuwa la pabotipo ndi loopsa.

Mayi_wa_awiri
Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Takambirana ndi bambo, chaka chino tiyambe Likoma mu Okutobala poti madola akuvuta kupeza, Nungwi tidzapita ana akakulako. Mng'ono wanga ndamutumizira za Mumbo ndi Bazaruto asankhe yekha. A Mwana_wa_Likoma, mu Ilala muli zipinda zogona zoti banja lonse tikwanemo, ndipo timabukiratu kapena timalipira pokwera pomwepo?